Zida zamanja zakale: kudziwa amene anazipanga ndi nthawi yake — mafunso ndi mayankho

Aliyense amene wayamba kusonkhanitsa mapuleni, masowo, matchizulo, nkhwangwa ndi ziboolero zakale sachedwa kufunsa kuti chida chili m'manja mwakecho anapanga ndani, ndipo liti. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza kwambiri zida za akalipentala zochokera ku Britain ndi ku America, poti ndi zomwe zinafala kwambiri padziko ndipo mbiri ya mafakitale ake inasungidwa bwino.

Kodi chida chimayamba kutchedwa chakale chikatha zaka zingati?

Ochita malonda a zinthu zakale ambiri amawerengera zaka 100. Osonkhanitsa zida saumirira kwambiri pa malire amenewa. Puleni ya m'ma 1930 yopangidwa bwino amaifuna kuposa hamala ya m'ma 1890 yopanda dzina.

Chida changa chadyeka ndi dzimbiri ndipo chikuoneka chakalekale. Kodi maonekedwe amenewa sakukwanira?

Ayi. Dzimbiri limangonena za malo amene chidacho chinagona. Tchizulo imene yakhala zaka 10 m'nyumba yodontha imaoneka yokalamba kuposa ina imene yakhala zaka 150 m'bokosi la mmisiri wosamala.

Kapangidwe nakonso kamanamiza. Mu 1936 mlimi wina pa chilumba cha Gotland ku Sweden anafukula bokosi la zida pamalo otchedwa Mästermyr. Zidazo ndi za nthawi ya ma Viking, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, koma nyundo, mbano, tupa ndi nkhwangwa za m'bokosimo kalipentala kapena wosula zitsulo wa lero akhoza kuzizindikira nthawi yomweyo. Ku Pompeii, mzinda wa ku Italy umene unakwiririka mu chaka cha 79, kunapezeka mapuleni. Chida chikafika pa kapangidwe kogwira ntchito bwino, amisiri sakhala ndi chifukwa chochisinthira, ndipo chimadutsa mibadwo chili chomwecho. N'chifukwa chake zaka za chida timazifuna m'tinthu ting'onoting'ono: chidindo, sikuluwu, mtundu wa chitsulo, ngakhale mmene m'mphepete mwa thabwa anasemera.

Ndiyambire pati pofufuza?

Yambani ndi chidindo, ndipo musanapukute chilichonse. Pa puleni yamtengo dzina la wopanga limakhala kumaso kwake, kumapeto kwa thabwa kumene kumatsogola popala. Pa tchizulo limakhala pakhosi, pafupi ndi chigwiriro. Pa sowo yang'anani pakati pa chitsulo chake komanso pa bawuti yaikulu yamkuwa ya pachigwiriro. Pa nkhwangwa limakhala pa tsaya, ndipo pa chiboolero chopukusa ndi manja limakhala pa mkono wopindika kapena pa kamwa logwira chitsulo choboolera.

Zimitsani magetsi, muunike ndi tochi chammbali kuti kuwala kudutse mokhudza chitsulo. Zilembo zomwe masana sizioneka zimatuluka bwinobwino. Mukhozanso kupaka choko pang'ono n'kupukuta ndi chala kuti chitsalire m'maenje a zilembo. Kenako jambulani chithunzi ndi foni n'kuchikulitsa.

Makampani ambiri anali ndi chizindikiro chawo kuwonjezera pa dzina. Alexander Mathieson wa ku Glasgow ankadinda mwezi ndi nyenyezi. Marples wa ku Sheffield ankadinda masamba a shamrock, kachomera ka masamba atatuatatu. Edward Preston wa ku Birmingham ankalemba zilembo EP. Mukaona chizindikiro chooneka ngati mutu wa muvi pa chida cha ku Britain, dziwani kuti chinali katundu wa boma, nthawi zambiri wa asilikali, ndipo mwamwayi zida zotere kawirikawiri zimakhala ndi chaka chodindidwa pambali pake.

Puleni yanga yamtengo ili ndi mayina atatu. Wopanga ndi uti?

Mwina mmodzi yekha, ndipo enawo ndi eni ake amene anaigwiritsa ntchito motsatizana. Amisiri akale ankagwira ntchito ambiri m'nyumba imodzi, aliyense ndi zida zake, choncho ankadinda dzina lawo kuti zisasokonekere. Chidindo cha wopanga chimakhala chowongoka, chili pamalo abwino, ndipo nthawi zambiri chimatchula mzinda. Cha mwini chida chimakhala chopendekeka, chobwerezedwa kawiri kapena katatu, mwinanso chodindidwa pamwamba pa dzina la mwini wakale.

Mayina amenewa musawaone ngati chilema. Kwa ine ndi mbali yokoma kwambiri ya chida: anthu atatu anadyetsa mabanja awo ndi thabwa limeneli.

Pa chida changa palembedwa deti la patenti. Kodi ndiye chaka chimene chinapangidwa?

Apa ndi pamene oyamba kumene amaphonya kwambiri. Deti la patenti limanena tsiku limene boma linavomereza kuti luso linalake ndi la munthu kapena kampani yakutiyakuti. Silinena tsiku limene chida chanucho chinatuluka mufakitale. Chomwe limakuuzani n'chakuti chidacho sichinapangidwe chaka chimenecho chisanafike, basi. Ku America, kuyambira 1861 mpaka 1995, patenti inkagwira ntchito zaka 17, ndipo makampani ena ankapitiriza kulemba detilo ngakhale nthawiyo itadutsa, poti zikombole zawo zinali zisanathe.

Lamulo lomweli likhudza chizindikiro chilichonse. Chida chikakhala ndi zizindikiro zingapo za nthawi zosiyana, chimene chimalamula ndi chatsopano kwambiri, malinga ngati mbali imene chilipo ndi yoyambirira ya chidacho. Mukaona madeti awiri, la 1902 ndi la 1910, iwalani za 1902.

Ngati palembedwa nambala m'malo mwa deti, imathandizanso. Manambala a patenti ku America anayamba mu 1836, anafika pa 500,000 mu 1893, pa 1,000,000 mu 1911, ndi pa 2,000,000 mu 1935. Nambala yotere mukailemba pa Google Patents mumaona chojambula cha luso lenilenilo ndi dzina la mwini wake. Kumbukirani kuti Aamerika amayamba kulemba mwezi, kenako tsiku, chaka pamapeto. Palinso kanzeru kena kothandiza chaka chikafufutika: kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800 mapatenti a ku America amatulutsidwa Lachiwiri. Ngati mwezi ndi tsiku zikuoneka koma nambala imodzi ya chaka yadyeka, fufuzani pa kalendala chaka chimene tsikulo linagwera Lachiwiri.

Ku Britain kunali kaundula wa kapangidwe ka zinthu. Kuyambira 1842 mpaka 1883 ankadinda chizindikiro chooneka ngati dayamondi, chokhala ndi zilembo ndi manambala m'makona mwake zosonyeza tsiku, mwezi ndi chaka cha kulembetsa. Kuyambira 1884 anasiya dayamondiyo n'kumalemba "Rd" ndi nambala.

Nanga mawu onena dziko, monga "Made in England"?

Amathandiza kuchepetsa zaka zokayikitsa. Lamulo la ku Britain la 1887 linachititsa kuti katundu wambiri wochokera kunja azilembedwa dziko lake, ndipo la ku America la 1890, lodziwika ndi dzina la McKinley, linafuna zomwezo kuyambira 1891. Choncho chida cholembedwa dzina la dziko kawirikawiri ndi cha pambuyo pa zaka zimenezi, pomwe zakale kwambiri zimangotchula mzinda, monga Sheffield kapena London. "West Germany" ndi ya pakati pa 1949 ndi 1990. "Occupied Japan" ndi ya zaka zochepa nkhondo yachiwiri itatha, osapyola 1952. Puleni ya kampani ya ku America ya Stanley yolembedwa "Made in England" singakhale yakale kuposa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, chifukwa ndi pamene kampaniyi inagula fakitale ya J. A. Chapman ku Sheffield n'kuyamba kupangira zida kumeneko. Mapuleni abuluu a kampani ya Record ya ku Sheffield nawonso anayamba kupangidwa mu 1931.

Ndili ndi puleni yachitsulo ya Stanley. Ndingadziwe bwanji zaka zake?

Muli ndi mwayi, chifukwa palibe chida chamanja chimene chinafufuzidwa ngati chimenechi. Kampani ya Stanley Rule & Level ya ku New Britain, m'chigawo cha Connecticut, inagula mapatenti a Leonard Bailey mu 1869, ndipo kuchokera pamenepo inkasintha tinthu tating'ono pa puleniyi zaka zingapo zilizonse. Osonkhanitsa zida, potsatira ntchito ya Roger K. Smith, anagawa mapuleni opangidwa ku America m'magulu 20, kuyambira 1867 mpaka 1967.

Chotsani mpeni, muyang'ane chitsulo chopendekeka chimene mpeniwo umagonapo, chomwe amisiri amachitcha frog. Ngati pamwamba pake palibe kandodo kowongolera mpeni kumanja ndi kumanzere, ndipo sipakuoneka kuti kanathyoka, puleniyo ndi ya 1885 isanafike. Dzina lakuti BAILEY linayamba kulembedwa pathupi la puleni mu 1902. Sikuluwu yosunthira frog kutsogolo ndi kumbuyo inabwera mu 1907.

Kenako yang'anani pansi, kumbuyo kwa frog, kutsogolo kwa chigwiriro chachikulu. Madeti awiri a 1902 akusonyeza zaka za pakati pa 1902 ndi 1909. Madeti atatu, lomaliza lili APR-19-10, akusonyeza 1910 mpaka 1924. Mkati mwa zaka zimenezi chigwiriro chobulungira cha kutsogolo chimasiyanitsa: chachifupi ndi cha 1918 kubwerera m'mbuyo, chachitali chinayamba mu 1919. Likatsala deti limodzi lokha la 1910, muli pakati pa 1925 ndi 1930. Mpeni wokhala ndi zilembo S.W. mkati mwa mtima ndi wa kuyambira 1920, chaka chimene Stanley Rule & Level inaphatikizana ndi kampani ina yotchedwa Stanley Works, mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1930. Bowo la pa chitsulo chopanikizira mpeni linasintha mu 1933, kuchoka pa looneka ngati bowo la kiyi n'kukhala looneka ngati impso.

Mapuleni a nthawi ya nkhondo, 1942 mpaka 1945, savuta kuwazindikira. Mkuwa unkafunika kunkhondo, choncho kagudumu kotsitsira mpeni kankapangidwa ndi chitsulo kapena labala wolimba, ndipo zigwiriro sizinalinso za mtengo wa rosewood koma za mtengo wamba wopakidwa utoto. Anthu ena amawaderera, koma thupi lawo ndi lochindikala ndipo amapala bwino kwambiri.

Magulu 20 amenewa anakonzedwa ndi osonkhanitsa zida, osati ndi fakitale. Ogwira ntchito ku New Britain ankatenga zitsulo zimene zinalipo m'nkhokwe mpaka zitatha, motero puleni yokhala ndi zizindikiro za magulu awiri oyandikana ikhoza kukhala yoona ndithu. Komanso magulu amenewa anakonzedwa poyang'ana kwambiri puleni ya saizi yotchedwa nambala 4, ndipo sagwira ntchito pa mapuleni a ku England.

Zizindikiro za pa chida changa zikutsutsana kwambiri. Chavuta n'chiyani?

Chidacho chinasinthidwa ziwalo. Mpeni wa puleni umatha ndi kunola, ndipo mmisiri ankagula wina. Chigwiriro chimathyoka. Mpini wa nkhwangwa kapena wa hamala umasinthidwa kangapo pa moyo wa chitsulo chimodzi. Choncho khulupirirani kwambiri mbali yosachoka, yomwe ndi thupi lenileni, ndipo mbali zochoka zingokhala mboni zothandizira. Mpeni wa 1925 pa thupi la 1890 sukutsitsa zaka za thupilo. Ukungosonyeza kuti puleniyo inali ikugwirabe ntchito patatha zaka 35.

Nanga masowo?

Pa masowo a Disston, kampani imene Henry Disston anayambitsa ku Philadelphia mu 1840, bawuti yaikulu yamkuwa ndi imene imanena zambiri. Mawu akuti "& Son" analowa mu 1865, ndipo "& Sons" mu 1871. Cha m'ma 1917 mawu anafupika n'kukhala "Disston Phila", ndipo cha m'ma 1940 anakhala "Disston USA". Kampaniyi inagulitsidwa ku kampani ya H. K. Porter mu 1955. Bawuti yolembedwa "Warranted Superior" siikuuzani wopanga, chifukwa makampani ambiri ankaiika pa masowo awo otsika mtengo.

Tembenuzani chigwiriro muone manati. Manati athyathyathya, okhala ndi mpata wogawika pakati ndiponso osatumphuka pamwamba pa thabwa, ndi a kapangidwe kakale. Ku America anayamba kutha m'zaka za m'ma 1870, koma ku Britain anapitirira nthawi yaitali. Dzina lokhomedwa ndi chidindo pa chitsulo cha sowo nthawi zambiri ndi lakale kuposa lolembedwa ndi asidi. Chigwiriro nachonso chimalankhula: chakale chinasemedwa mokhotakhota ndipo chimakhala bwino m'dzanja, pomwe cha zaka za pambuyo pake n'chamakonamakona chifukwa makina ndiwo ankachidula.

Chida changa chilibe chidindo chilichonse. Kodi ndiye kuti basi?

Chaka chenicheni simungachipeze, koma nyengo yake mukhoza kuiyandikira. Kale chitsulo cholimba chinali chodula, motero osula ankapanga thupi la nkhwangwa, tchizulo kapena mpeni wa puleni ndi chitsulo chofewa, n'kulumikiza pamoto kachidutswa kolimba kumene kumadula kokha. Mukayang'ana m'mbali mwa mpeni woyera mumaona mzere pamene zitsulo ziwirizo zinakumana. Chitsulo chofewa chakalecho chikadyeka ndi dzimbiri chimaonetsa timizere tonga ta thabwa. Njira ya Henry Bessemer ya 1856 yopangira chitsulo cholimba ndi zina zimene zinatsatira zinatsitsa mtengo wa chitsulo cholimba, ndipo pang'ono ndi pang'ono mafakitale anasiya kulumikizaku. Komabe osula a m'midzi ya m'mayiko ambiri anapitiriza, ndipo amisiri a ku Japan amatero mpaka lero, choncho mzerewo pawokha si umboni wokwanira. Mawu akuti "Cast Steel" amanena za chitsulo chosungunulidwa m'mbiya, luso limene Benjamin Huntsman anayambitsa m'dera la Sheffield m'zaka za m'ma 1740, ndipo amapezeka kwambiri pa zida za m'ma 1800.

Masikuluwu ndi mboni ina. Akale amakhala obuntha kumapeto, mizere yake yosalingana, ndipo mpata wa pamutu nthawi zina suli pakati penipeni. Osongoka opangidwa ndi makina anafala pambuyo pa patenti ya Thomas Sloan ya 1846. A mutu wa mtanda, otchedwa Phillips, anabwera m'zaka za m'ma 1930. Chitsulo chosachita dzimbiri chinatulukiridwa ndi Harry Brearley mu 1913, ndipo Bakelite, pulasitiki yolimba ija, mu 1907. Chida chokutidwa ndi chrome, chowala mobiriwira ngati galasi, sichingakhale cha zaka za m'ma 1920 zisanafike.

Ndingasiyanitse bwanji puleni yamtengo ya m'ma 1700 ndi ya m'ma 1800?

Tengani rula. Mapuleni opyapyala osemera mizere yokongoletsa matabwa anali aatali m'zaka za m'ma 1700, mainchi 10 kapena kupyolapo, ndipo pofika m'ma 1800 ambiri anakhazikika pa mainchi 9 ndi theka. Akalewo m'mphepete mwake anasemedwa mokulirapo ndi mwathyathyathya, pomwe a pambuyo pake m'mphepete ndi mopapatiza ndi mozungulira. Mutu wa kamtengo kokhomera kogwira mpeni umakhala wobulungira pa akale, n'kumapita utalika ndi kuweramira kumbuyo pa atsopano. Ku Britain mtengo wake unali beech pafupifupi nthawi zonse, koma opanga oyambirira a ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America, ankakonda birch.

Pakati pa opanga a ku New England pali dzina loyenera kulidziwa. Cesar Chelor anali kapolo wa Francis Nicholson, wopanga mapuleni wa ku Wrentham, Massachusetts. Nicholson atamwalira mu 1753, wilo yake inamasula Chelor n'kumupatsa malo ndi zida, ndipo iye anayamba kudinda dzina lake pa mapuleni amene ankapanga. Lero mapuleni a Chelor ali m'gulu la ofunidwa kwambiri ku America.

Kodi ndichiyeretse mpaka chiwale?

Chonde ayi. Zida zambiri zakale zawonongedwa ndi burashi ya waya ya pa makina kuposa zimene zawonongedwa ndi dzimbiri. Dzina lolembedwa ndi asidi pa sowo n'losazama, ndipo mphindi imodzi ya sandipepala wokhakhala imalichotseratu, osabweranso. Penti yakuda yowotchedwa ya pa mapuleni achitsulo, ngakhale itasupuka pena ndi pena, osonkhanitsa amaikonda kuposa penti yatsopano. Viniga amadya dzimbiri, inde, koma mukachedwa amadyanso chitsulo n'kuchisiya chotuwa.

Chotsani fumbi ndi burashi yofewa. Dzimbiri lofiira lipaleni mosamala ndi lezala mutathira timafuta, ndipo mtundu wodera wa pansi pake muusiye. Malizani ndi phula lopyapyala, pachitsulo ndi pathabwa pomwe. Thabwa likakhala ndi timabowo totuluka ufa watsopano, ndiye kuti likufumbwabe. Lipatuleni kwa zinzake, mulikulunge m'pulasitiki, muliike mufiriji yoziziritsa kwambiri kwa milungu iwiri. Musapale penti yakale popanda chophimba mphuno, chifukwa ina ili ndi mtovu.

Kodi pali zida zachinyengo?

Zilipo, makamaka pa zida zosowa monga kapuleni kakang'ono ka Stanley nambala 1, kotalika mainchi 5 ndi theka okha. Koma chinyengo chofala si chida chopangidwa chatsopano ayi. Ndi chida chosonkhanitsidwa kuchokera ku ziwalo za zida zingapo, kapena chong'ambika chimene anachiwotcherera n'kuphimba chilondacho ndi penti. Chida chowala mopitirira msinkhu wake chiyang'anitsitseni kawiri, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pa chida choona, kutha kumakhala pamene dzanja linkagwira ndi pamene thabwa linkakhula. Pa chokalambitsidwa dala, zipsera zimamwazika paliponse mofanana. Chidindo chakuthwa ndi choyera pa thabwa limene kwina konse latha chiyeneranso kukudabwitsani.

Rula yanga ikuoneka ngati ya mnyanga wa njovu. Kodi ndingaigulitse?

Yambani mwafunsa malamulo a dziko limene muli. Pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera pa malonda, lotchedwa CITES, linaletsa malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko kutsatira chigamulo cha 1989, ndipo mayiko ena amaletsa ngakhale kugulitsa zinthu zakale za mnyanga mkati mwa dziko. Mtengo wa rosewood wa ku Brazil, umene unapanga zigwiriro za zida zambiri zakale, nawonso uli pansi pa chitetezo chokhwima cha panganoli kuyambira 1992. Kuti musiyanitse mnyanga ndi fupa gwiritsani galasi lokulitsa: fupa lili ndi timadontho takuda, pomwe mnyanga wa njovu umaonetsa timizere topingasana kumapeto kumene unadulidwa.

Kodi chida chakale n'choyenera kuchigwiritsabe ntchito?

Zambiri n'zoyenera, ndipo ine ndimakondwa kuona puleni ya 1915 ikutulutsa mapalo. Mapuleni a nambala 4 ndi 5 anapangidwa ochuluka zedi moti kunola umodzi sikuchotsera dziko kanthu. Chosowa, monga puleni yamtengo ya m'ma 1700 yokhala ndi dzina la wopanga wodziwika, chisiyeni chipume, chifukwa kunola kulikonse kumadya chitsulo chimene sichingabwezeretsedwe.

Kodi zimene ndapeza ndingazitsimikizire kuti?

Makatalogi akale a makampani ndiwo mboni yodalirika, ndipo ambiri anajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti. Chida chikapezeka mu katalogi ya chaka china koma chosapezeka mu ya zaka zisanu m'mbuyo mwake, mwapeza nthawi imene chinayamba kugulitsidwa. Mabuku akale a maadiresi a amalonda m'mizinda ngati Sheffield ndi Birmingham amasonyeza zaka zimene wopanga anali pa msewu wakutiwakuti, choncho chidindo chokhala ndi adiresi n'chamtengo wapatali. Mabungwe a Early American Industries Association, lomwe linayamba mu 1933, ndi Tools and Trades History Society la ku Britain, la 1983, amasindikiza kafukufuku wa mamembala awo. Pofuna kuyerekeza ndi zida zomwe chaka chake n'chodziwika bwino, pali bokosi la Benjamin Seaton la zida zogulidwa mu 1796, losungidwa ku Guildhall Museum mumzinda wa Rochester ku England, lomwe zida zake zambiri sizinagwiritsidwepo ntchito kwenikweni.

Zimene mwapeza zilembeni pa kakhadi n'kumangirira ku chidacho ndi ulusi, osati ndi zomatira. Lembani kumene munachipeza, zilembo zonse monga momwe zikuonekera, ziwalo zimene mukuganiza kuti zinasinthidwa, ndi zaka ziwiri: chimene chidacho sichingakhale chisanafike, ndi chimene sichingapyole.